Makilanki a Njinga Yanu

Amayi, kaya muli bwanji uko munapita?

Ndine Patuma, mwana wanu wamfupi uja, amene munkati munamusiyira miyendo yanu poti china chomusiyira munalibe. Ndikulemba ndili pansi pa mtengo wa nimu kwa Mponda, pamene Che Bwanali amakonzera njinga. Lero ndi Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, ndipo magetsi anazima m'mawa. Mapepalawa ndang'amba m'kope la mdzukulu wanu Shakira, ndiye mukaona masamu kuseri kwake musadabwe. Ndili ndi mlandu woti ndikuuzeni, ndipo mtima wanga suli m'malo. Koma munatiphunzitsa kuti munthu akafika pakhomo amayamba wapereka moni, ndiye ndiyambe ndi za kwathu.

Akazi a achimwene Saidi anachira m'mwezi wa Ramazani, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Makutu ndi anu enieni. Akayamba kulira mungati ndi inu mukuitanira usipa pamsika, mpaka oyandikana nawo ku Chiponde amuzolowera. Mbuzi yanu yamawanga yaswa ana awiri, mmodzi ndi wakuba ngati mayi wake. Nyanja inadzaza kwambiri chaka chino, madzi anafika mpaka pa mango anu aja, ndipo thandala lanu loyanikapo nsomba linapita. Chimanga sichinachite bwino, koma kampunga ka kudimba katithandiza, Alhamdulillah. Shakira anayamba sukulu. Mano akutsogolo aguluka onse awiri, ndiye akamaseka ndimaona inu pa zaka zanu zomaliza zija. Musakwiye, nayenso ndinamuuza zomwezo.

Tsono za ine si zabwino, Amayi. Ntchito yanga yochapa nsalu kuhotela ya ku Makokola ikutha mwezi uno. Anabweretsa makina, ndipo makinawo sadwala msana. Abwana anandiitana n'kundiuza bwinobwino kuti akufuna mayi mmodzi woti aziperekeza alendo achizimayi posambira m'nyanja ndi pokwera njinga m'midzi. Amadziwa kuti pamadzi palibe wondiposa pakati pa antchito onse. Koma anati akufuna pepala losonyeza kuti ndinamaliza mpikisano wa zitatu umene uchitike Loweruka likubwerali. Mpikisanowu inu simunauone. Munthu amayamba ndi kusambira, akatuluka m'madzi amadumphira panjinga makilomita 40, akatsika amathamanga makilomita 10, zonse motsatizana, osapuma. Mukanakhalapo mukanati, "Akuthamangitsani ndani?" Ine wondithamangitsa alipo.

Ndikapanda kupeza pepalalo ndipita ku Joni. Achimwene anayankhula kale ndi wagalimoto amene amanyamula anthu, ndipo malo anga alipo kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Akuti ndikagwire ntchito za m'nyumba, Shakira atsale ndi mlamu wanga ku Chiponde. Akuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma Amayi, bambo ake a Shakira anapita ndi galimoto ngati yomweyo, ndipo foni yawo inazima mpaka lero. Mwanayu anatsanzikana kale ndi kholo limodzi pa siteji ya basi. Sindingapirire kumuona ataimiriranso pomwepo akundikwezera dzanja ine. Sindikufuna kupita. Ndanena kwa inu poyera chifukwa kwa achimwene ndimangoyankha kuti chabwino.

Njinga ya mpikisano anandibwereka Mayi Kamanga, mayi wa ku Blantyre amene amathandiza anthu mafizo kuchipatala, ndipo ndiye amatiphunzitsa zamasewerawa akabwera kunyanja. Ndi ya amuna awo, bambo wamtali woti polowa m'nyumba mwanu muja akanawerama kawiri. Njingayo ndi yopepuka, mutha kuinyamula ndi dzanja limodzi mtsuko uli pamutu. Matayala ake ndi owonda ngati chala. Kutsogolo ili ndi nyanga ziwiri zimene munthu amagonekapo mikono n'kuwerama, kuti mphepo isamamukankhe pachifuwa. Tsiku loyamba ndinaikonda. Ndinaitsitsa chishalo mpaka pansi penipeni, komabe pedulo ikafika pansi phazi langa linkangoikhudza ndi zala.

Achimwene atabwera kudzaiona anaseka, n'kunena kuti vuto limeneli ndi lachibwana. Mukukumbukira mmene ankachitira tili ana, tikafuna kukwera njinga ya amalume? Anatenga timatabwa tiwiri, n'kutimangirira pa mapedulo ndi mphira wa chubu. Phazi linafika, ine n'kuwathokoza. Palibe mmodzi wa ife anaganiza kuti thabwa limene likukuthandiza pedulo ili pansi limakweranso nawe pedulo ikapita m'mwamba. Ndikagona pa nyanga zija, bondo linkabwera kudzandimenya pachifuwa ulendo uliwonse. Kupuma kunkandivuta. Patatha sabata ziwiri bondo lakumanja linayamba kulasa kutsogoloku, ndipo m'chiuno munkamveka ngati mwamangidwa chingwe. Ndinangoti ndi kusazolowera. Ndinkathira madzi otentha n'kupitiriza.

Mwezi watha kunali kuyeserera, theka la mtunda wonse. Amayi, m'madzi ndinawasiya onse. Ndinatuluka woyamba mwa amayi, ndipo anzanu ogulitsa nsomba anaimba nthungululu pagombe, ena akufuula dzina lanu. Panjinga anayamba kundidutsa mmodzimmodzi, koma ndinalimba mtima mpaka ndinafika. Tsoka linali potsika. Miyendo inakana kuwongoka. Ndinathamanga mokhota ngati nkhalamba yofuna ndodo, ndipo ndisanafike pa mlambe wa pamphambano paja ndinagwa chafufumimba, mchenga m'kamwa. Ndinadzuka, n'kugwanso. Shakira anali pomwepo atanyamula botolo la madzi loti andipatse. Sanalire. Anangobwera n'kuyamba kundisansa mchenga kumaso, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa bondo.

Mayi Kamanga ataona timatabwa tija anagwira pakamwa. Anandikhazika panjinga, n'kugwada pambali kuyang'ana mmene mwendo ukuzungulira. Kenako analoza chitsulo chimene chimachoka pakati pa njinga kukagwira pedulo, chimene a fundi amati kilanki. Anandionetsa nambala yodindidwa kuseri kwake, 175, kutanthauza kutalika kwake m'mamilimita. Anati, "Patuma, chitsulo ichi anapangira mwendo wa amuna anga. Chikatalika, phazi limayenda bwalo lalikulu. Pansi sufikira, m'mwamba bondo likukupinda mopitirira. Ndiye ukatsika chiuno chimakhala chitatseka kale, uthamanga ndi chiyani?" Anati ndikapeza makilanki aafupi ndidzakweza chishalo, bondo lidzatsika kuchoka pachifuwa, ndipo ndidzatha kugona pa nyanga ndikupuma. Ndinafunsa kuti amagulitsa kuti. Anati aafupi a njinga zotere amachita kuitanitsa kunja, ndipo angafike mpikisano utapita kale.

Nditawauza achimwene anakana kwa mtuwagalu. Mukuwadziwa, zaka zonse zija anapalasa kabaza asanagule njinga yamoto, akukwera mapiri a ku Namwera ndi matumba atatu kumbuyo. Anati, "Iwe, nati ikavuta umatenga sipanala yaifupi kapena yaitali? Chitsulo chachitali ndiye mphamvu. Mayi Kamanga akowo aphunzira kwambiri mpaka asokonezeka." Sindinganene kuti amanama. Kwa munthu wokwera phiri ataimirira, katundu ali pa kaliyala, njinga ili ya giya imodzi, mawu awo ndi oona. Koma ine sindinyamula chimanga, magiya ndili nawo kumbuyo, ndipo ndikatsika pali mtunda wina wondidikira wapansi. Ndinayesa kufotokoza, iwo ali pa foni yawo. Ndinangokumbuka mawu anu aja akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bondo lopweteka ndi langa.

Ndinazungulira Mangochi yense. Pamsika, kutsidya kwa mlatho, kwa aliyense wopachika matayala pamtengo. Ndinkayenda ndi kachingwe m'thumba kamene ndinadula pa muyezo wa 175, n'kumayeza chitsulo chilichonse. Ena ankandiseka, ena ankafuna kundigulitsa zomwezo n'kumati zimafupika zikazolowera. Zonse zinali 170 kapena 175, ndipo zazifupi zimene ndinapeza zinali za tinjinga ta ana oyamba kumene kuyenda, zopindika kale. Ndinabwerera kunyumba mapazi atatupa. Ndinayamba kupinda zovala za Shakira m'maganizo mwanga, ziti apite nazo ku Chiponde, ziti zamuchepera.

Tsono sabata yatha tinachita sadaka yanu ya zaka ziwiri. Anthu anabwera ambiri, a shehe anawerenga mapemphero a duwa, ndipo mpunga unatha anthu a ku Malindi asanafike. Achimwene anali atapita ndi njinga yamoto kukatenga amalume. Azakhali anandiyang'ana n'kuti, "Patuma, thamanga kuchigayo cha mpunga." Njinga ya mpikisano ilibe kaliyala. Ndinayang'ana kudenga m'nyumba mwanu, pamene njinga yanu yakhala ikulendewera pa zingwe ziwiri chichokereni inu. Ndinadziwa kuti achimwene analetsa. Koma alendo anali ndi njala, ndipo inu simukanalola mlendo abwerere ndi njala chifukwa cha chitsulo. Ndinaitsitsa, ndinapopa matayala, ndinanyamuka.

Amayi, ndinapita n'kubwera, thumba la mpunga lili kumbuyo, msewu wa mchenga, ndipo ndinazindikira ndikutsika kuti bondo silinandilankhule ngakhale kamodzi. Njinga yolemera ija, ya kaunjika, ya basiketi yothyoka, imene inanunkha usipa zaka khumi ndi zisanu. Miyendo yanga inkangozungulira yokha ngati ili kwawo. Ndinatsika n'kuthamanga ndi thumba mpaka kukhitchini, ndipo ndili pakati pothamangapo ndinaima. Ndinabwerera, ndinagwada, ndinatulutsa kachingwe kanga. Kanapitirira chitsulo chanu ndi zala ziwiri zathunthu. Ndinapala dothi ndi chikhadabo kuseri kwake mpaka nambala inaoneka, 152. Azakhali anandipeza ndikulira pafupi ndi tcheni, iwo n'kumati ndi chisoni cha sadaka. Sindinawatsutse.

Madzulo a tsikulo ndinapempha achimwene. Ndinakhala pansi monga mwa mwambo, ndinayamba ndi kupepesa kuti ndinatsitsa njinga. Ndinati andibwereke makilanki okha. Koma panali vuto limene Che Bwanali anali atandiuza kale pa foni, ndipo sindinafune kubisa. Kilanki yakumanzere imangomasulidwa n'kumangidwa kwina. Yakumanja inabadwa ndi kagiya kake kakang'ono kogwirana nako, kabwino ponyamula nsomba koma kopanda liwiro. Kuti igwire ntchito pa mpikisano, ayenera kudula kagiyako ndi makina, n'kuwotcherera giya yaikulu. Akadula adula. Madzi akatayika sawoleka.

Achimwene anaimirira. Kenako anandikoka dzanja kupita pa njingayo, n'kundionetsa malo amene ine sindinawaone. Pakati pa kilanki yakumanja pali pamalo powala, posalala, pamene utoto unatha. Anati, "Ukudziwa chinapala apa? Chidendene cha amayi. Zaka zonse zija, kupita ku Makawa, kubwera, kutidyetsa ife. Iwe unawasambitsa, unawaona nkhope. Ine ndinafika atakwirira kale." Ndipo ndi zoona, Amayi. Munatisiya m'mawa, foni ya ku Chiponde sinkagwira, ndipo mwa chipembedzo chathu sitikanakugonetsani. Pofika iwo madzulo anapeza mulu wa dothi ndi anthu akusamba m'manja. Sanalirepo pamaso pathu. Anangolowa m'nyumba, n'kupukuta njinga yanu, n'kuipachika. Tsiku la sadakalo anaipachikanso, ndipo mawu awo omaliza anali akuti, "Ukaidula, usadzanditchulenso kuti achimwene."

Ndakhala masiku asanu ndi mawu amenewo. Ndili ndi mlongo mmodzi yekha padziko. Ndi amene anandiphunzitsa kukwera njinga, ndi amene anakamenyana ndi anyamata amene ankanditcha kachitsa kusukulu. Ngakhale za ku Jonizi sakuchita mwankhanza, akuganiza kuti akundipulumutsa. Ndikayang'ana uku ndikuona iwo, ndikayang'ana uku ndikuona Shakira pa siteji ya basi. Ndapemphera mpaka mawu anditha. Ndinafika pokukwiyirani inuyo, ndikhululukireni, kuti munapita bwanji osasiya mawu pa za njingayi. Munagawa mapoto, munagawa zitenje, mpaka munanena woti atenge lichero, koma njinga munaiwala.

Chimene chinandidzutsa ndi nkhafi ya abambo. Dzulo ndikusesa m'nyumba mwanu ndinaipeza kuseri kwa chitseko, yaifupi ija. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene abambo anamwalira, koma tsikulo ndikulikumbuka bwino. Arobaini, sadaka ya masiku makumi anayi, itangotha munatenga nkhafi yawo yaitali, munaiyeza pa phewa lanu, n'kuidula ndi chikwanje pamaso pa abale awo onse. Alongo awo analira kuti mwanyoza malemu. Inu munangopitiriza kusema chogwirira, n'kunena kuti, "Nkhafi ya pakhoma siwolotsa mwana." M'mawa mwake munalowa m'bwato kukagula usipa kwa asodzi pamadzi pomwepo, ena akudikira pagombe, ndipo ndi mmene tinakulira. Abale aja sanakulankhuleni chaka chathunthu. Sindinayambe ndakufunsani ngati chaka chimenecho chinkakuwawani.

Ndiye lero m'mawa, nditaperekeza Shakira kusukulu, ndinaimirira pa mtondo n'kumasula zingwe ziwiri zija. Sindinaikwere. Ndinaiyendetsa pamanja, dzanja lina njinga yanu, dzanja lina ya mpikisano, mpaka kuno. Anthu m'njira ankandifunsa ngati ndayamba geni ya njinga. Ndinkayenda ngati ndaba, ndipo mwina ndabadi, poti pogawa katundu amalume anapereka njingayi kwa achimwene. Sindikudzilungamitsa. Ndikungokuuzani mmene zilili kuti musamve kwa ena.

Che Bwanali akalamba, Amayi, ndevu zonse mbuu, koma maso akadali akuthwa. Ataona njinga yanu anaimirira n'kuigwira chishalo ngati akupereka moni kwa munthu. Anamasula makilanki onse awiri, anawatsuka ndi parafini, n'kuwatembenuza m'manja. Kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mwanache, awa ndinaika ndine. Njinga iyi inabwera ndi 170. Mayi ako anakwera sabata imodzi, anabwera, akuti Che Bwanali, bondo. Ndinaika 165. Anapita ku Makawa, anabweranso, akuti bondo lachepa koma chiuno. Ine ndinati amayi, chitsulo chachifupi chilibe mphamvu. Anandiyankha kuti, kodi mwendowu ndi wanu? Anakhala pomwe wakhala iwepo masiku atatu, mpaka ndinamasula awa pa njinga ya mwana wasukulu. Mayi ako anali wovuta, Mulungu awakhululukire."

Ndinaseka ndi misozi. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti njinga ija inangokukwanani mwamwayi, osadziwa kuti munachita kumenyera. Simunawerenge buku, simunakumane ndi Mayi Kamanga, koma munadziwa kuti chitsulo chiyenera kutsata mwendo. Munayesa, munamvera thupi lanu, munabweza, munayesanso. Ine mwana wanu wopita kusukulu ndinalola kumangiriridwa matabwa ngati wa zaka zisanu ndi ziwiri, n'kumathokoza. Ndikanakhala ndi theka la liuma lanu bwenzi bondoli lili bwino.

Koma musaganize kuti nkhani ya Che Bwanali yandichotsera mantha. Giya yaikulu apeza, yachitsulo, yochokera pa njinga ina yakufa, ndipo akuti ikwana tcheni. Akuti akawotcherera mokhota ngakhale pang'ono, tcheni izigwa panjira, ndipo mwayi wowotcherera ndi umodzi. Zikatheka lero, nditsala ndi mawa lokha loti ndizolowere. Mayi Kamanga andiuza pa foni kuti ndikweze chishalo ndi zala ziwiri zomwezo, ndichotse matabwa, ndipo ndisakakamire giya yolemera koma ndizipalasa mopepuka ndi mofulumira. Anenanso mosabisa kuti munthu sasintha zinthu zotere kutatsala masiku awiri, kungoti kwa ine njira ina palibe. Bondo silinapole kwenikweni. Nditha kudula chitsulo chanu, kutaya mlongo wanga, n'kukagwanso pa mlambe womwe uja. Ndikatero ndidzakwera galimoto ya ku Joni ndilibe mwana, ndilibe mlongo, ndilibe ngakhale njinga yoti ndiziikumbuka ili yathunthu.

Ndi chifukwa chake kuzima kwa magetsiku sindikudziwa ngati ndi chifundo kapena chilango. Makina odulira ali apo pa thabwa, chingwe chake chalumikizidwa kale. Kilanki yanu yamangidwa pa chopanira. Nthawi yonse imene ndakhala ndikulemba, palibe chimene chawonongeka. Nditha kuimirira, kuwauza Che Bwanali kuti abwezeretse, n'kukapachika njinga achimwene asanamve. Kawiri konse ndatsegula pakamwa kuti nditero. Iwo akungokonza chubu cha munthu wina, osandiyang'ana, ngati sakudziwa chimene chikuchitika pa benchi pawo. Foni yanga yalira katatu. Ndi achimwene. Wina wawauza kale, kwa Mponda nkhani siyenda pansi. Sindinayankhe, chifukwa ndikamva mawu awo ndigonja.

Ndawapempha Che Bwanali chinthu chimodzi. Ndawaonetsa pamalo powala paja, pa chidendene chanu, kuti moto usafikepo. Akulungapo kansanza konyowa n'kumanga ndi waya. Akuti, "Usade nkhawa, pamenepa ndipasiya mmene anapasiyira eni ake." Ndayeza phazi langa pa chitsulocho chili pa chopanira. Chidendene changa chikugwera pomwepo ndendende, osapitirira, osaperewera.

Amayi, ndinayamba kalatayi kuti ndikupempheni chilolezo, koma ndaona kuti simungandiyankhe, ndipo mwina munayankha kalekale ndi chikwanje chija. Chimene ndikupempha tsopano ndi china. Ngati kumeneko amalola kuyendera ana kutulo, musabwere kwa ine. Pitani ku Chiponde. Mwana wanu wamwamuna sanakuoneni nkhope, ndipo zaka ziwiri zonsezi wakhala akulondera chitsulo chifukwa alibe pena poika chisoni chake. Ine ndimulanda ngakhale chimenecho. Kamuuzeni zimene mukanamuuza akanafika nthawi yabwino tsiku lija. Ine mawu amenewo ndilibe.

Chigayo cha kuseri kwa msika chayamba kulira. Wailesi ya kometera tsitsi yayambanso pakati pa nyimbo. Magetsi ayaka. Che Bwanali aika chubu pansi, apukuta manja, avala magalasi awo akuda aja, ndipo tsopano akundiyang'ana. Dikirani pang'ono, Amayi.

Ndagwedeza mutu.

Phokoso lake linali lalifupi kuposa mmene ndinkaganizira. Kagiya kanu kagwa m'dothi, ndakatola kakadali kotentha, ndipo ndakakulunga pa nsonga ya chitenje changa. Sindikudziwa za Loweruka. Pepala lija sindingakulonjezeni, poti zimenezo ndi za Mwini wake. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: ndikatsika panjinga ndithamanga, ndikagwa ndidzuka, ndipo Shakira ndimuimika kumapeto kwenikweni, osati pa mlambe, kuti botolo lake la madzi adzandipatsire kumeneko. Lamulungu m'mawa, kaya ndapambana kaya ndalephera, ndikwera ya ku Chiponde ndi kagiyaka m'manja. Ndikakhala pansi pakhomo pa mwana wanu n'kumutchula kuti achimwene, ndipo ndikabwereza tsiku ndi tsiku mpaka adzayankhe, ngakhale chitenge chaka ngati chanu chija.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani lero kuposa tsiku la maliro. Mulungu akukulitsireni malo ndi kukuunikirani kumene mwagona.

Ndine mwana wanu wa miyendo yanu,
Patuma